Mwafunsa, Tayankha: Kusunga Mafayilo pa Cloud, Kugawana ndi Kugwirira Ntchito Pamodzi

Makalata ambiri amene afika pa tsamba lino masiku apitawa akukhudza mafayilo a pa kompyuta ndi pa foni: kumene angasungidwe kuti asatayike, komanso mmene anthu a mu ofesi imodzi angalembere zinthu limodzi popanda kusokonezana. Tasankhapo ena mwa makalatawo, ndipo ena tawafupikitsa chifukwa cha malo. Monga mwa nthawi zonse, mayina a olemba sitinawatchule.

FUNSO: Akonzi, ine ndine mphunzitsi pa sukulu ina ya sekondale. Laputopu yanga inabedwa mwezi wathawu, ndipo inapita ndi zonse: masikimu, mayeso amene ndakhala ndikukonza kwa zaka zambiri, malikisi a ana ndi zithunzi za banja langa. Anzanga akuti ndikanaika zonsezi pa cloud, bwenzi pano ndikungodandaula za laputopu yokha. Kodi mafayilo akaikidwa pa cloud amakhala kuti kwenikweni, nanga pamafunika ndalama zingati? (Mphunzitsi, Dedza)

YANKHO: Pepani kwambiri, aphunzitsi, pakuti laputopu mukhoza kugula ina, koma mayeso a zaka zonsezo palibe sitolo imene imagulitsa. Mafayilo oikidwa pa cloud amakhala m'makompyuta akuluakulu a kampani ina, otchedwa maseva, amene amasungidwa m'nyumba zomangidwira ntchito imeneyi, zokhala ndi alonda, makina oziziritsa ndi majenereta oti magetsi akazima ntchito isaime. Inu mumatumiza fayilo kudzera pa intaneti, kampaniyo imaisunga, kawirikawiri m'makina angapo nthawi imodzi, ndipo tsiku limene mwaifuna mumaitsegula pa foni kapena pa kompyuta ina iliyonse, malinga mukukumbukira imelo ndi pasiwedi ya akaunti yanu. Nyumba zoterezi zili m'mayiko ambiri. Kuno kumwera kwa Africa, Microsoft inatsegula zake ku Johannesburg ndi ku Cape Town mu 2019, Amazon inatsegula ku Cape Town mu 2020, ndipo Google inatsegula ku Johannesburg mu 2024, ngakhale kuti munthu wamba wa akaunti yaulere sapatsidwa mwayi wosankha dziko limene mafayilo ake akasungidwe.

Makampani odziwika amapereka malo ena kwaulere. Google Drive, yomwe inayamba mu 2012, imapereka 15 GB. OneDrive ya Microsoft ndi iCloud ya Apple zimapereka 5 GB iliyonse. Dropbox imapereka 2 GB yokha. Ngati foni yanu ndi ya Android ndipo munatsitsapo pulogalamu pa Play Store, ndiye kuti akaunti ya Google muli nayo kale, ndipo Drive yanu ilipo ngakhale simunaitsegulepo. Dziwani chabe kuti 15 GB imeneyi si ya Drive yokha: maimelo a Gmail amadya momwemo, zithunzi za Google Photos zinayamba kuwerengedwa momwemo kuyambira Juni 2021, ndipo kuyambira 2024 zimene WhatsApp imasungitsa ku Google pa mafoni a Android nazonso zimatenga malo omwewo. Masikimu ndi mayeso olembedwa pa Word ndi aang'ono kwambiri, moti ntchito ya zaka khumi singadzaze ngakhale 1 GB ngati mulibe zithunzi zambiri. Zimene zimadzaza malo msanga ndi mavidiyo a ukwati, a kwaya ndi amene amabwera m'magulu a WhatsApp.

Ndalama imene mudzaione ikutulukadi m'thumba ndi ya bandulo, chifukwa fayilo ya 500 MB imadya 500 MB poitumiza, n'kudyanso chimodzimodzi poitsitsa pa chipangizo china. Choncho yambani ndi zikalata za ntchito, ma satifiketi anu ojambulidwa ndi mapepala ofunika a banja, ndipo mavidiyo adikire tsiku limene mwapeza Wi-Fi. Pali msampha wina umene umagwira anthu ambiri: mukalumikiza laputopu ku intaneti ya pa foni yanu kudzera pa hotspot, laputopuyo imatha kuiona ngati Wi-Fi wamba yopanda malire, ndipo imayamba kutumiza zonse zimene zinali pa mzere, bandulo ya mwezi n'kutha musanamalize kumwa tiyi. Pa Windows, lowani pa makonzedwe a Wi-Fi imeneyo ndi kuyatsa pamene palembedwa kuti Metered connection, kuti kompyutayo idziwe kuti intanetiyo ndi yowerengera.

FUNSO: Ndimagwira ntchito yowerengera ndalama m'bungwe lina lomwe si laboma. Makompyuta athu onse ali ndi OneDrive, ndipo chilichonse chimene tasunga chimapita chokha pa cloud. Ndinapempha kuti tigule hard drive yosungirako makope ena, koma abwana akuti kumeneko n'kuononga ndalama chifukwa zonse zili kale pa cloud. Kodi akunena zoona? (Wowerengera ndalama, Zomba)

YANKHO: Abwana anu akunena zoona mbali imodzi yokha, ndipo mbali imene akuiphonyayo ndi imene imagwetsa maofesi ambiri. Ntchito ya OneDrive, Dropbox kapena Google Drive ya pa kompyuta ndi kufananitsa: imaonetsetsa kuti zimene zili mu foda ya pa kompyuta yanu zikhale chimodzimodzi ndi zimene zili pa cloud. Kompyuta ikabedwa, ikapsa kapena ikagwera m'madzi, zimenezi zimakupulumutsani. Koma pulogalamuyo sidziwa kusiyanitsa kusintha kwabwino ndi kolakwika. Mnzanu akafufuta foda ya malisiti mwangozi, fodayo imafufutika pa cloud ndi pa makompyuta a anthu onse amene amaigwiritsa ntchito. Wina akalemba ziwerengero zolakwika pamwamba pa zolondola, zolakwikazo ndi zimene zimafika kwa aliyense m'mphindi zochepa.

Chitetezo china chilipo, koma chili ndi malire a nthawi. Fayilo yofufutidwa imakhala mu bini kwa masiku 30 pa Google Drive, pa Dropbox yaulere ndi pa OneDrive ya munthu payekha, pomwe pa OneDrive ya ku ntchito imakhalamo masiku 93, ndipo ikadutsa pamenepo imachotsedwa. Inu mukudziwa bwino kuposa ife kuti fayilo ya ndalama imadziwika kuti yasowa pamene ofufuza mabuku afika kumapeto kwa chaka, patatha miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo, osati sabata yomweyo. Palinso mavairasi amene amatseka mafayilo onse pa kompyuta, eni ake n'kumafuna dipo kuti awatsegule. Mafayilo otsekedwawo nawo amatumizidwa pa cloud ngati kusintha kwina kulikonse. Umbava wa mtundu umenewu si wa kunja kokha ayi, chifukwa mu Febuluwale 2024 boma la Malawi linalengeza kuti makina opangira mapasipoti analowedwa ndi akuba a pa intaneti omwe ankafuna dipo, ndipo ntchito yosindikiza mapasipoti inaima kwa masabata angapo. Amene amalipira Microsoft 365, omwe ndi mapulogalamu a Microsoft monga Word, Excel ndi OneDrive, ali ndi njira yobwezera OneDrive yonse mmene inalili tsiku lina m'masiku 30 apitawo, ndipo n'chinthu chothandiza, koma chimafuna kuti vutolo lidziwike msanga.

Makampani osunga mafayilo nawonso amaona ngozi. Pa 10 Malichi 2021 moto unabuka pa malo a kampani ya OVHcloud ku Strasbourg, m'dziko la France, n'kuonongeratu nyumba imodzi ya maseva ndi mbali ya ina, ndipo makasitomala ena amene makope awo achiwiri ankasungidwa pa malo omwewo anataya zonse. Izi sizichitika kawirikawiri, ndipo sitikunena kuti kabati ya mu ofesi yanu ndi yotetezeka kuposa nyumba za makampani amenewa. Amene anali ku Blantyre, Mulanje kapena Phalombe pa nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anaona mmene madzi ndi matope zimatengera nyumba ndi zonse zam'katimo, ndipo hard drive yosungidwa m'chipinda chimodzi ndi kompyuta imapita limodzi ndi kompyutayo. Mfundo ndi yakuti ngozi imene ingaononge kope limodzi isakhale yomweyo imene ingaononge linalo. Akatswiri a makompyuta amaiika mwachidule kuti 3-2-1: makope atatu a fayilo iliyonse yofunika, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo kope limodzi likhale kutali ndi ofesi. Cloud imakwaniritsa gawo la kutalilo. Hard drive imene mukupemphayo imakwaniritsa gawo la kope limene silisintha lokha.

Akakugulirani, muziilumikiza pa tsiku lokhazikika, mwina Lachisanu lililonse kapena pa kutha kwa mwezi mukatseka mabuku, mukopere mafayilo mu foda yatsopano yolembedwa deti la tsikulo, kenako muichotse pa kompyuta ndi kuikhomera kwina. Hard drive yolumikizidwa usana ndi usiku imagwidwa ndi vairasi limodzi ndi kompyuta. Musanakopere, yang'anani tizizindikiro timene tili pambali pa mafayilo a OneDrive. Kamtambo ka buluu kakutanthauza kuti fayiloyo ili pa intaneti pokha ndipo pa kompyuta pali dzina lake chabe. Kuchonga kobiriwira kukutanthauza kuti yatsitsidwa. Kabwalo kobiriwira kodzaza kakusonyeza fayilo imene munalamula kuti izikhala pa kompyutayo nthawi zonse. Mafoda amene simungagwire ntchito popanda iwo, adineni ndi batani la kumanja n'kusankha Always keep on this device. Ubwino wake unaoneka pa 12 Meyi 2024, pamene nthambo za intaneti za pansi pa nyanja za EASSy ndi SEACOM zinaduka, intaneti n'kuyamba kukwawa m'mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, kuphatikizapo Malawi.

Popeza ndinu wa ndalama, tiwonjezerepo chimodzi. Fayilo yaikulu imene pulogalamu yowerengera ndalama imalembamo nthawi zonse isakhale mu foda imene ikufananitsidwa ndi cloud, chifukwa kuitumiza pamene pulogalamuyo ikulembamo kungaiononge. Gwiritsani ntchito batani la pulogalamuyo lopangira kope losunga, lotchedwa backup, ndipo fayilo imene yatulukayo ndi imene muiike pa cloud. Kamodzikamodzi yesani kutsegula limodzi la makope akalewo pa kompyuta ina, kuti mutsimikize kuti limatsegukadi.

FUNSO: Ine mafayilo anga ofunika ndimadzitumizira pa WhatsApp. Kodi imeneyi si cloud yomweyo? (Wophunzira, Mzuzu)

YANKHO: Ayi. WhatsApp ndi yotumizira mauthenga, ndipo uthenga ukafika umakhala m'foni mwanu. Foniyo ikatayika musanayatse backup ya ku Google Drive kapena iCloud, mafayilowo apita nayo. WhatsApp imachepetsanso zithunzi pozitumiza, moti satifiketi yojambulidwa imatuluka yosaoneka bwino pokhapokha mutaitumiza ngati Document. Ndipo ngati mukusunga zolemba zanu mu akaunti imene munapatsidwa ndi koleji, koperani zonse ku akaunti yanuyanu musanamalize maphunziro, chifukwa masukulu ambiri amatseka maakaunti a ophunzira amene achoka.

FUNSO: Ndine mlembi wa komiti ya kopaletivi ya alimi. Tikamalemba lipoti la pa chaka, ndimalitumiza pa WhatsApp kwa anthu asanu, aliyense amakonza lake n'kubweza, ndipo pamapeto pake ndimakhala ndi mafayilo olembedwa kuti lomaliza, lomaliza lenileni, lomaliza la apampando. Chaka chatha tinapereka kwa otithandiza lipoti lokhala ndi ziwerengero zakale. Tingatani kuti zimenezi zisachitikenso? (Mlembi, Kasungu)

YANKHO: Mayi, vuto lanu likuyamba pamene fayilo imodzi yasanduka zisanu. Njira yake ndi yakuti lipotilo likhale pa malo amodzi, anthu azipita kumeneko kukalikonza, osati lipoti kumayendera anthu. Lembani lipotilo pa Google Docs, pulogalamu yolembera zikalata pa intaneti, kapena liikeni pa OneDrive ngati mumakonda Word, ndipo anzanuwo muwatumizire linki m'malo mwa fayilo. Onse asanu angathe kulitsegula nthawi imodzi, wina pa foni wina pa laputopu, ndipo aliyense amaona pamene mnzake akulemba.

Chofunika kuganizira bwino ndi mphamvu imene mukupatsa munthu aliyense. Pa Google pali magawo atatu: Viewer amangowerenga, Commenter amawerenga ndi kuikapo ndemanga kapena kupereka maganizo a mawu oti asinthidwe, pomwe Editor amasintha chilichonse, ngakhale kufufuta. Anthu ambiri amapatsa aliyense mphamvu ya Editor poopa kuoneka ngati akunyoza wina, koma akuluakulu anati mbewa zikachuluka siziika masa: aliyense amaganiza kuti mnzake waona ziwerengerozo, ndipo palibe amene waziona. Maganizo athu ndi akuti inu monga mlembi ndi msungichuma mukhale ndi mphamvu yosintha, ndipo ena onse, kuphatikizapo apampando, akhale opereka ndemanga. Mawu amene iwo akufuna asinthidwe amaoneka mu mtundu wina pamodzi ndi dzina la wolembayo, ndipo inu mumawavomereza kapena kuwakana limodzilimodzi. Apampando akafunsa chifukwa chake, auzeni kuti njira imeneyi imachititsa kuti ndemanga yawo iliyonse ioneke ndi dzina lawo m'malo mosowa m'kati mwa chikalata.

Zikalata zoterezi zimasunganso mbiri yake. Pa Google Docs, mukapita pa File kenako Version history, mumaona amene anasintha chiyani ndi nthawi yake, ndipo mungabwerere ku mmene chikalatacho chinalili Lolemba lapitalo ngati wina wachisokoneza. Mungaperekenso dzina ku mtundu umene komiti yavomereza, mwachitsanzo kuti wovomerezedwa ndi msonkhano waukulu, kenako n'kuutulutsa ngati PDF, ndipo PDF imeneyo ndi yokhayo imene ipite kwa okuthandizani. Ziwerengero za zokolola ndi za ndalama zikhale pa Google Sheets kapena Excel imodzi, ndipo mabokosi amene ali ndi masamu owonkhetsa muwatseke kuti wina asawafufute ndi chala pa foni.

Tikudziwa kuti netiweki ya kumudzi imabwera ndi kupita. Pulogalamu ya Docs ya pa foni imalola kusunga chikalata m'foni kuti muzilemba popanda intaneti, ndipo zimene mwalembazo zimatumizidwa netiweki ikabwerera, koma muyenera kuyatsa zimenezi pa chikalatacho muli pa intaneti, musananyamuke. Ngati anthu awiri akonza fayilo imodzi ya Word onse ali opanda intaneti, pulogalamu ngati Dropbox kapena OneDrive imatha kusunga makope awiri, lina lolembedwa dzina la munthu kapena la kompyuta, ndipo wina ayenera kuwaphatikiza pamanja. Kupewa kwake n'kugawana magawo: wina alembe za mbewu, wina za ngongole, ndipo asalowe m'gawo la mnzake. Chinanso chaching'ono n'chakuti chikalata cha Word chokhala ndi matebulo ambiri chimatha kusintha maonekedwe chikatsegulidwa pa Google Docs, choncho sankhani pulogalamu imodzi pachiyambi ndipo mukhale nayo mpaka lipoti lithe.

FUNSO: Ndimatsogolera bungwe laling'ono la anthu asanu ndi atatu. Mnyamata amene ankatiyendetsera za makompyuta anasiya ntchito titasemphana maganizo, ndipo tazindikira kuti mafoda onse a bungwe ali pa Gmail yake. Pakadali pano tikuwaonabe, koma ndikuopa kuti tsiku lina adzatitsekera. Ndichite chiyani? (Mkulu wa bungwe, Lilongwe)

YANKHO: Bambo, mwa makalata onse a mwezi uno, lanu ndi limene likufunika kuchitapo kanthu lero lomwe. Pa Google Drive ya munthu payekha, fayilo iliyonse ili ndi mwini mmodzi, yemwe ndi munthu amene anaipanga kapena kuiikapo, ngakhale itakhala mu foda ya wina. Ena nonse ndinu alendo. Mwiniyo akakuchotsani, akafufuta fayiloyo kotheratu, kapena akaunti yake ikatsekedwa, palibe batani limene inu mungadine kuti muibweze, ndipo Google siingakupatseni mafayilo a mu akaunti ya munthu wina chifukwa choti mwanena kuti ndi a bungwe lanu.

Choncho, pamene chitseko chidakali chotsegula, tsitsani mafoda onsewo pa kompyuta ya bungwe ndi pa hard drive. Drive imawamanga m'mafayilo a zip, ndipo zikalata za Docs ndi Sheets imazisandutsa Word ndi Excel. Mutaya ndemanga zina ndi mbiri ya kusintha, koma zolembazo mukhala nazo. Mukatero, mulembereni kalata yaulemu yomupempha kuti asamutsire umwini wa mafayilowo ku akaunti ya Gmail ya bungwe. Mumukumbutse kuti kusamutsa foda yokha sikusamutsa mafayilo a m'kati mwake, ndipo ayenera kuwasankha nawonso. Musayese kulowa mu akaunti yake ndi pasiwedi imene munaimva kapena kuipeka, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa mu makina kapena uthenga wa munthu wina popanda chilolezo, ndipo mungasanduke wolakwa pa nkhani imene munali olungama. Akakana, nkhaniyo ipite kwa loya pamodzi ndi mgwirizano wake wa ntchito.

Tinene mosabisa kuti cholakwacho si cha mnyamatayo yekha. Mabungwe ambiri ang'onoang'ono, mipingo ndi masukulu amalola kuti zikalata zawo zikhale mu akaunti ya munthu amene anali wochangamuka pa makompyuta tsiku limene ntchito inayamba, ndipo palibe amene amafunsa za umwini mpaka munthuyo atachoka, atadwala kapena atamwalira. Njira yolongosoka ndi akaunti ya bungwe yolipira, monga Google Workspace kapena Microsoft 365, momwe wantchito aliyense amakhala ndi imelo ya dzina la bungwe. Mmenemo muli malo amene mafayilo ake ndi a bungwe osati a munthu: pa Google amatchedwa Shared drives, pa Microsoft ndi SharePoint ndi Teams. Munthu akachoka, woyang'anira maakaunti a bungwe amatseka akaunti yake tsiku lomwelo, n'kusamutsira mafayilo ake kwa wolowa m'malo. Oyang'anira akhale awiri, ndipo mmodzi akhale inuyo kapena wina wa mu bodi, ngakhale simukonda za makompyuta.

Ngati ndalama ya zimenezi palibe, tsegulani Gmail ya dzina la bungwe, nambala ya foni ndi imelo yobwezeretsera akauntiyo zikhale za bungwe, mafoda onse apangidwe kuchokera mu akaunti imeneyo, ndipo antchito apatsidwe mwayi wolowa kudzera m'maimelo awoawo. Zimene iwo apanga m'mafodawo zimakhalabe zawo mpaka atasamutsa umwini, choncho ikani lamulo loti azisamutsa pa kutha kwa mwezi uliwonse. Chimene sitikulimbikitsa ndi kupatsa anthu asanu ndi atatu pasiwedi imodzi, chifukwa fayilo ikasowa simungadziwe amene waifufuta, ndipo aliyense amene wachoka amachoka ndi kiyi.

FUNSO: Kuntchito kwathu timalemba mayina, manambala a zitupa za unzika ndi za umoyo wa anthu amene timawathandiza. Kodi n'koyenera kuika zimenezi pa cloud? (Wogwira ntchito zaumoyo, Mangochi)

YANKHO: N'zotheka, koma osati pa akaunti yanu ya panokha, ndiponso osati popanda chilolezo cha akuluakulu a kuntchito kwanu. Dziko la Malawi lili ndi lamulo la Data Protection Act la 2024, lomwe likuyang'aniridwa ndi bungwe la MACRA, ndipo limaika udindo pa aliyense wosonkhanitsa uthenga wokhudza anthu kuti ausunge motetezeka. Uthenga wa zaumoyo uli m'gulu lofunika kusamalidwa mwapadera, ndipo lamuloli limakhudzanso kutumiza uthenga wotere kunja kwa dziko, zomwe n'zimene zimachitika mukauika pa maseva a makampani tatchulawa.

Makampani akuluakulu amabisa mafayilo ndi masamu achinsinsi pamene akuyenda pa intaneti komanso pamene asungidwa, ndipo kawirikawiri mpata umatsegulidwa ndi ife eni ake. Pogawana fayilo pali kusankha kuwiri: Restricted, kutanthauza anthu okhawo amene mwawatchula ndi maimelo awo, ndi Anyone with the link, kutanthauza aliyense amene linkiyo yamufika. Linki ya mtundu wachiwiriwu ikalowa m'gulu la WhatsApp, imayenda kufika kumene simukudziwa, choncho mndandanda wa odwala usagawidwe motero ngakhale kwa ola limodzi. Mpata wina ndi pasiwedi yobwereza. Mu 2012 akuba anatenga maimelo ndi mapasiwedi obisidwa a maakaunti a Dropbox oposa 68 miliyoni, kukula kwa nkhaniyi kunadziwika mu 2016, ndipo khomo limene analowera linali pasiwedi ya wantchito wina imene ankaigwiritsanso ntchito pa tsamba lina. Yatsani kutsimikizira kwa magawo awiri, kumene kumafuna nambala ya pa foni kuwonjezera pa pasiwedi, ndipo musindikize manambala khumi apadera amene Google imapereka, muwasunge pa malo okhoma, kuti foni kapena simukhadi ikatayika musatsekeredwe kunja. Chenjeraninso ndi imelo yonena kuti wina wakugawirani chikalata, koma mukadina ikukufunsani pasiwedi pa tsamba lachilendo. Imbirani kaye munthuyo musanalembe kanthu.

FUNSO: Ndimakhala ku Johannesburg, ndipo ndinalipirira mayi anga kumudzi malo owonjezera pa Google kuti azisunga zithunzi ndi mapepala a munda. Tsopano ntchito yandithera ndipo sindingapitirize kulipira. Kodi zinthu zawo zifufutidwa? (Wowerenga, Johannesburg)

YANKHO: Sizifufutidwa nthawi yomweyo, achimwene. Malipiro akaima, akauntiyo imabwerera pa 15 GB, ndipo ngati zimene zilimo zikuposa pamenepo, mayi anu azitha kuziona ndi kuzitsitsa, koma sangaikemo zatsopano, zithunzi za pa foni zimasiya kusungidwa, ndipo Gmail imatha kusiya kutumiza ndi kulandira makalata. Chomalizachi ndi chimene chimapweteka anthu mosadziwa, chifukwa wotumiza kalata yofunika amalandira uthenga woti sinafike, pamene mwini akauntiyo akungoganiza kuti palibe amene wamulembera. Malamulo a Google amanena kuti akaunti ikakhala yopyola malire kwa zaka ziwiri, kampaniyo ikhoza kuchotsa zimene zilimo, ndipo kuyambira Disembala 2023 ikhozanso kufufuta akaunti ya munthu payekha imene yatha zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito, itatumiza kaye machenjezo ku imelo.

Nthawi muli nayo yokwanira. Ndi chilolezo cha mayi anu, gwiritsani ntchito Google Takeout, imene imamanga zonse za mu akauntiyo kuti muzitsitse nthawi imodzi, ndipo chitani zimenezi kumene muliko pa Wi-Fi m'malo mowadyera bandulo kumudzi. Sungani zonsezo pa hard drive kapena pa fulashi yaikulu, mutsegule zingapo kuti mutsimikize kuti zatsika bwino, kenako fufutani mavidiyo akuluakulu pa Google Photos mpaka akauntiyo itsike pansi pa 15 GB, osaiwala kukhuthula bini ya Drive ndi ya Photos, chifukwa zimene zili mu bini ya Drive zimawerengedwabe. Mapepala a munda, zitupa ndi makalata a kwa amfumu asiyeni pa Drive, popeza ndi aang'ono ndipo ndi amene angafunike mwadzidzidzi. Onetsetsaninso kuti nambala yobwezeretsera akauntiyo ndi imene mayi anu akugwiritsa ntchito panopa, chifukwa simukhadi imene yakhala nthawi yaitali osagwira ntchito makampani a mafoni amaitseka, nambalayo n'kuipereka kwa munthu wina.